Anadula Khutu la Mwana Wanga, Chonsecho Si Dokotala

Mwana wanga Elube alibe theka la khutu lake lakumanzere. Munthu amene analidula si dokotala. Sanakhalepo dokotala ngakhale tsiku limodzi. Ndipo amene ananditengera kwa munthuyo mpaka kundifikitsa pakhomo pake ndi alamu anga enieni, akazi a achimwene anga, akudziwa zonse bwinobwino.

Ndakhala chete miyezi inayi chifukwa ankati ndi nkhani ya pachibale. Lero ndatopa. Werengani mpaka pansi.

Ine ndimagulitsa kaunjika pa Nkando. Elube ndi mwana wanga woyamba, ali ndi zaka makumi awiri. Ali Fomu 2 anaboola makutu ngati atsikana anzake. Lakumanja linapola bwinobwino. Lakumanzere linatuluka kachotupa kolimba ngati njere ya nandolo, kenako kanangokulirakulira mpaka kufika ngati dzira la nkhunda. Sikankapweteka kwenikweni, kankangoyabwa. Chopweteka chinali pakamwa pa anthu. Kusukulu anamupatsa dzina loti Makutu Atatu. Kuyambira pamenepo mwana wanga anakhala wa duku, kutenthe kuzizire, ndipo wina akatulutsa foni kuti ajambule iye ankathawira kumbuyo kwa anzake.

Chaka chino anasankhidwa kupita ku koleji ya uphunzitsi. Ine ndinavina pabwalo. Iye anakhala pakhonde, kenako anati, "Amayi, ndikaima bwanji kutsogolo kwa kalasi ndi chinthu ichi? Ana a Sitandade 3 mukuwadziwa inu?"

Ndikuwadziwa. N'chifukwa chake ndinayamba kuthamanga.

Poyamba tinatsata njira yoyenera. Tinapita kuchipatala. Anatiuza kuti chotupacho dzina lake ndi keloidi, kuti sichidulidwa chisawawa chifukwa chimabwerera, ndiponso kuti akachichotsa pamafunika majakisoni ena kwa miyezi ingapo. Anatilembera tsiku loti tikaonane ndi akatswiri ku Blantyre pakatha miyezi itatu. Miyezi itatu! Ine ndinaiona ngati zaka zitatu. Apa ndiye polakwa panga poyamba, sindikubisa.

Ndinakadandaula kwa alamu anga, a Filesi. Iwowa anagwirapo ntchito yokolopa m'mawodi pa chipatala china kwa zaka zambiri, ndiye kwathu nkhani ikakhala ya matenda timafunsa iwo. Anandiseka. Anati ndikudzivutitsiranji ndi za ku Blantyre pamene konkuno kuli adokotala amene ankagwira nawo ntchito, amene anapuma n'kutsegula kiliniki yawo chakufupi ndi Boma. Anati zotupa zotere amachotsa ngati akuthyola tiyi.

"Mlamu, munthu ameneyu ndimamudziwa ine," anatero atandigwira dzanja. "Dzanja lake ndi lodalitsika. Elubeyu ndi mwana wanganso. Ndingamupereke kwa munthu wamba ine?"

Mawu amenewa sachoka m'mutu mwanga.

Linali Lachiwiri. Tinafika hafu pasiti eyiti m'mawa, ine, Elube ndi a Filesi. Kiliniki yake ndi zipinda ziwiri kuseri kwa mashopu, pakhomo pali benchi, pamwamba chikwangwani chopenta bwino. Pa tebulo panali mayi wina, amene ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi mkazi wa mwini kilinikiyo. Asanatifunse n'komwe dzina la wodwala anati K180,000, yonse, pompo. Ndinapereka. Nditapempha lisiti anati buku latha, abweretsa lina mawa.

Kenako tinalowa kwa adokotala. Bambo wachikulire, wa imvi, wa magalasi, gawuni yoyera yosita bwino, chija amamvetsera nacho mtima chili lende pakhosi. Anatilonjera mwaulemu kwambiri, kufunsa za kunyumba ndi za mvula. Khutulo analiyang'ana mphindi zosakwana ziwiri. Ndinawauza zomwe anatiuza kuchipatala, zoti chimabwerera. Anamwetulira. Anati achinyamata a masiku ano amaopa mpeni, n'chifukwa chake amangotumiza anthu ku Blantyre. Anati iwo achotsa zotere zosawerengeka.

Pakhoma panali pepala limodzi mu fulemu, la chidindo chagolide. Ine Chingerezi changa ndi cha pamsika, ndinangoona kunyezimira n'kukhutira. Elube anawerenga. Adokotala atatuluka kukatenga zipangizo, mwana wanga anandikoka chitenje n'kunong'ona.

"Amayi, pepala ili si la udokotala. Akuti anakhala nawo pa maphunziro a masiku atatu a kasambidwe ka m'manja ndi katayidwe ka zinyalala za m'chipatala. Tawafunsani atione lenileni."

Ndinayang'ana a Filesi. Iwo anatsonya.

"Iwe Elube, sukulu yakoyo usabwere nayo kuno. Mapepala enieni munthu amapachika pakhoma kuti mbava zidzabe? Amasunga kunyumba, mu sutikesi. Ukufuna uwachititse manyazi akuluakulu?"

Ndiye mukudziwa chomwe ndinachita ine, mayi wake? Ndinamutsina pa ntchafu. Ndinamuuza kuti akhale chete, asandichititse manyazi pamaso pa anthu. Ine yemwe bulauzi ya K2,000 ndimaitembenuza kunja ndi mkati kuona msoko ndisanagule. Ine yemwe belo ya kaunjika sinditsegula ndisanafunse kuti yachokera kwa ndani. Khutu la mwana wanga ndinalipereka osafunsa funso limodzi. Kwathu kuno munthu wa imvi atavala gawuni yoyera sumufunsa kuti anaphunzira kuti. Umaika manja pamodzi n'kunena kuti zikomo adokotala, asanakuchite n'komwe kanthu.

Anayamba nthawi itakwana 9:40. Ine anandilola kuima pakhomo. Magetsi anali atazima, ndiye anakokera bedi pafupi ndi zenera. Zipangizo anazitulutsa mu poto. Poto weniweni, wa makutu awiri. Anabaya jakisoni wa dzanzi, koma sanadikire kuti agwire. Elube anakuwa. Adokotala anati ana a masiku ano ndi amantha, agwireni miyendo. A Filesi anamugwira miyendo.

Ali mkati foni ya adokotala inalira. Anaitulutsa m'thumba ndi gulovu ya magazi yomweyo, kuipana ndi phewa, n'kuyamba kukambirana mtengo wa njerwa ndi munthu wina. Njerwa, anthuni! Atamaliza anaibweza m'thumba, dzanja lomwelo n'kubwerera pa khutu la mwana wanga. Ndinaona ndi maso angawa. Ndinadziuza kuti adokotala akudziwa zomwe akuchita.

Ikamakwana 10:25 anali atasoka, kumata thonje ndi pulasitala, n'kutipatsa mapanado. Ndinafunsa za majakisoni aja anatiuza kuchipatala. Anati zimenezo ndi za m'mabuku.

Ndinawathokoza. Ndinapinda maondo. Ndinawasiyira zinanazi ziwiri zomwe ndinawatengera.

Pofika Lachisanu khutu linali litatupa, likutentha, likutuluka fungo. Loweruka seveni koloko m'mawa tinali pa benchi paja. Mayi wa pa tebulo anati adokotala Loweruka saona anthu pokhapokha titaonjezera K15,000. Ndinaonjezera. Adokotala anasuzumira pansi pa pulasitala, osaichotsa n'komwe, n'kunena kuti mafinya ndi chizindikiro chabwino, zoipa zikutuluka. Anatipatsa makapisozi atakulunga m'kapepala, opanda dzina, opanda chilichonse cholembedwa. Titatuluka ndinaimbira a Filesi. Anati ndikhale ndi chikhulupiriro.

Lolemba m'mawa Elube ankanjenjemera atafunda mabulangeti awiri. Tsaya linatupa mpaka diso kutsekeka. Chikhulupiriro chija ndinachisiya pakhomo, ndinaitana njinga yamoto, ulendo wa kuchipatala.

Anatilandira dokotala wamkazi, wachitsikana ndithu, mmodzi wa aja akuti amaopa mpeni. Anachotsa pulasitala. Kenako anandifunsa kuti wachita izi ndani. Ndinatchula dzina. Namwino wina wachikulire amene ankamuthandiza anagwira pakamwa.

"Uja? Mayi, ujatu ndinagwira naye ntchito ine kalekale. Ankakankha mabedi a odwala ndi kuwiritsa zipangizo. Odwala ankamutchula adokotala chifukwa cha gawuni, ife n'kumaseka. Kodi anazitenga zenizeni?"

Ndinakhala pansi, pa simenti.

Dokotala uja anandiuza zinthu zomwe ndikanayenera kudziwa sabata imodzi m'mbuyomo. Anati aliyense wololedwa kuchiza anthu m'dziko muno amalembetsedwa ku bungwe loona za madokotala, amakhala ndi nambala yake, ndipo chilolezo chake chimakonzedwanso nthawi ndi nthawi. Anati kiliniki nayo imakhala ndi chilolezo chake, ndipo wodwala ali ndi ufulu wopempha kuti achione. Anatinso ngakhale munthu atakhala wolembetsedwa, si aliyense amene anaphunzira kudula pankhope kapena pa khutu, umayenera kufunsa. Kenako anatenga foni yake n'kuimba ku bungwelo ine ndili pomwepo. Anatchula dzina la bambo uja. Anadikira pang'ono. Dzinalo kulibe. Silinakhalepo.

Mphindi ziwiri zokha, anthuni. Zomwe mwana wanga anandipempha kuti ndichite zinali za mphindi ziwiri.

Dokotala uja anati mnofu wa m'munsi mwa khutu wafa, matenda alowa mpaka m'kafupa kofewa kaja, ndipo akapanda kuchotsa afalikira. Ndinasaina ndikulira. Elube anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Masiku onsewo sananditchulire ngakhale kamodzi za pepala lija la pakhoma. Bola akanandilalatira.

A Filesi anabwera kamodzi, ndi fulasiki ya phala. Ndinawatengera panja, pa kapinga. Ndinawafunsa funso limodzi, kuti kodi ankadziwa. Anayang'ana kumbali.

"Mlamu, mapepala ndi mapepala basi. Munthu uja waona maopaleshoni ambiri kuposa tiana ta ku koleji iti. Kungoti mwina thupi la Elube ndi lokana."

Waona! Ndinawauza kuti inenso ndaona maminibasi ambiri pa Nkando, tsiku lililonse, zaka khumi ndi zisanu. Ndiye akwere ndiwayendetse mpaka ku Limbe? Anasiya fulasiki n'kumapita.

Elube atatuluka ndinabwerera ku kiliniki kuja ndekha. Ndinauza bambo uja zonse. Sanadzidzimuke n'komwe. Anati mwina tinanyowetsa bala posamba. Anati mwina mwanayo ankalikanda. Ndinati andipatse nambala yawo ya ku bungwe. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti kodi ndine wapolisi. Kenako anati, "Muli ndi umboni wanji, mayi, woti mwana wanu anadulidwa pano? Lisiti muli nalo?"

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake buku lija linatha.

Nditatuluka ndinalunjika kwa achimwene anga, a Lekisoni, amuna awo a Filesi. Kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake. Bambo ake a Elube anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo chilichonse chokhudza mwanayu, sukulu, matenda, ngakhale ukwati ukadzabwera, mwini nkhani ndi a Lekisoni. Ndinawauza kuti ndikupita kupolisi. Anati ayi chemwali, musathamange, nkhaniyi ndi yanga monga mwinimbumba, ndisiyireni. Ndinawasiyira. Sabata inatha, anati akufufuza. Mwezi unatha, anati kuli maliro kwawo kwa a Filesi. Mwezi wachiwiri, foni yawo inayamba kumangolira.

Ndikudikira choncho, chotupa chinabwerera, monga anatiuzira kuchipatala poyamba paja. Chabwerera motsatira chipsera, ndipo tsopano chikutsikira kunsi kwa chibwano. Tsiku lija la ku Blantyre, lomwe ine ndinati latalika, linakwana. Tinapita. Akatswiri ayamba kumubaya majakisoni mwezi ndi mwezi. Akuti chotupacho angachichepetse, koma theka la khutu lomwe linachotsedwa lapita. Anzake a Elube anayamba koleji mwezi watha. Katundu wake akadali mu sutikesi pansi pa bedi.

Masabata atatu apitawo, Lamulungu thu koloko masana, ndinaona anthu anayi akulowa pabwalo. A Lekisoni, a Filesi, ndi akuluakulu awiri a kwawo kwa a Filesi. Mmodzi atanyamula nkhuku yomanga miyendo. Ndinawayalira mkeka. Mkulu mmodzi atayamba kuyankhula anati abwera kudzapepesa m'malo mwa mbale wawo. Ndinafunsa kuti mbale wawo uti.

M'pamene ndinamva. Bambo wa kiliniki uja ndi mchimwene wa mayi awo a Filesi. Atsibweni awo enieni. Tsiku lija tinakhala nawo m'chipinda chimodzi maola awiri, a Filesi akuwatchula kuti adokotala, ngati munthu wachilendo. Palibe anandiuza. Achimwene anga ankadziwa kuyambira tsiku loyamba.

Ndinafunsa kuti nanga mwini wakeyo ali kuti. Anati watanganidwa ndi odwala.

Kenako a Lekisoni anayankhula, maso ali pa mkeka.

"Chemwali, zachitika zachitika. Khutu silingamere ngakhale munthu amangidwe. Mukapita kupolisi, banja langa latha, ine kwa apongozi sindidzapondako. Landirani nkhukuyi, zina tikambirane pachibale."

Ndisanayankhe, chitseko chinatseguka. Elube anatuluka, anaima pakati pa bwalo, n'kumasula duku. Kwa zaka zinayi palibe mlendo anaona mutu wa mwana wanga uli pamtunda. Anatembenuzira mbali yakumanzere kwa amalume ake.

"Amalume, tayang'anani kuno."

A Lekisoni anangoti zyoli.

"Amalume, ndati tayang'anani. Munabwera kuchipatala? Simunabwere. Ndiye onani lero."

Sanadzutse mutu. Munthu wamkulu, mwinimbumba, analephera kuyang'ana khutu lomwe ankandipempha kuti ndiligulitse ndi nkhuku. Ananyamuka onse mwakachetechete, nkhuku n'kuisiya pansi pa mtengo. Ndinawathamangira nayo mpaka pa msewu n'kuiika m'manja mwa a Filesi.

M'mawa mwake ndinakapereka nkhani koyenera, kupolisi ndi ku bungwe lija. Anandilandira, analemba zonse, akuti afufuza. Anandilangiza kuti ndisatchule dzina la munthuyo pagulu nkhani isanathe, n'chifukwa chake simukuliona pano. Achimwene anga sandiyankhula. Kutchalitchi ena akuti ndapasula banja la eni. Ine? Ine ndi amene ndinagwira mpeni?

Ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho. A Filesi, pamene munkagwira miyendo ya Elube iye akukuwa, munkaganiza chiyani? Akanakhala mwana wanu wobereka nokha, mukanamugoneka pa bedi limene lija? A Lekisoni, umalume ndi wongodyera nkhuku pa chinkhoswe basi? Nanga inu nonse amene munagwira ntchito ndi bambo ameneyu, mukudziwa kuti ankakankha mabedi, mwakhala mukudutsa pa chikwangwani chija zaka zingati osanena kanthu? Mumadikira khutu la ndani?

Ndipo inu amene mukuwerenga, aliyense amene akufuna kuchotsa chotupa, chipsera, kapena kukonza chilichonse pathupi pake: funsani. Funsani dzina lonse, funsani nambala, imbani ku bungwe mumve nokha. Pepala la pakhoma liwerengeni, mukalephera pezani wina akuwerengereni. Akakwiya chifukwa mwafunsa, nyamukani. Dokotala uja wachitsikana nditamufunsa nambala yake, mochita manyazi, anangoilemba pa kapepala n'kundipatsa, osakwinya n'komwe nkhope. Wokutumizani akhale mlamu, akhale mkulu wa mpingo, akhale mayi wanu wokuberekani, funsanibe.

Dzulo ndinadutsa ku kiliniki kuja, teni koloko m'mawa. Ndi yotsegula. Pa benchi panali amayi atatu. Ndisanachoke kunyumba Elube anandipatsa foni yake kuti ndimujambule khutu, pafupi, powala, ndipo anati ndizionetsa aliyense amene ndingamupeze pakhomo paja. Ndinakhala pa benchipo. Ndinawauza amayi aja kuti munthu ali mkatimo si dokotala, ndipo akafuna amufunse nambala yake.

Mmodzi, wa chotupa pachipumi, anandiyang'ana modabwa.

"Mayi, ine ndikawafunse adokotala mapepala? Ine ndani?"

Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamanga chitenje chake, anatenga jumbo yake, n'kumapita osatsanzika.

Awiri aja anaona nawo chithunzicho. Wina anati pepani. Wina anati zina ndi tsoka chabe. Chitseko chitatseguka, mayi wa pa tebulo anaitana wotsatira, ndipo mmodzi wa iwo anadzuka n'kulowa.